Bokosi la Besi

Gitala ya besi ikakhala yosalumikiza ku magetsi ndi chipangizo chofatsa kwambiri. Ukakhudza nsambo zake zonenepazo umangomva kakulira kapansipansi konga ka bemberezi wotsekeredwa m'chigubu, ndipo munthu wokhala mbali ina ya chipinda sangadziwe n'komwe nyimbo imene ukuyimba. Mawu aja amene amagwedeza chifuwa pa ukwati, amene amadzutsa nkhalamba pampando, amabadwira m'bokosi la matabwa lokhala kumbuyo kwa woyimba, lakuda, lokumbudzuka m'makona, lomwe ojambula zithunzi amalizemba. N'chifukwa chake woyimba besi aliyense wokhalitsa pa ntchitoyi amakhala ndi nkhani ziwiri. Ya gitala amaikamba monyadira. Ya bokosi amaikamba ngati nkhani ya banja, yodzaza ndi ngongole, mikangano ndi kupirira. Ine ndikufuna ndikambe yachiwiriyi.

Ndimakhala ku Florida, dera lina la mzinda wa Mutare kum'mawa kwa Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique. M'nthawi ya atsamunda, mzindawu ukutchedwa Umtali, Florida anapatulira makaladi, pamene anthu akuda ankakhala ku Sakubva. Ku Sakubvako n'komwe anafikira agogo anga obereka mayi, atachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1940. Anadzera njira ya ku Tete, kwina wapansi, kwina pa magalimoto a Ulere omwe boma la Southern Rhodesia linkanyamulira anthu a ku Nyasaland opita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Iwo anapeza ntchito ya njanji, ndipo ankati akangotha zaka ziwiri abwerera kwawo. Manda awo ali konkuno. Kumudzi anthu otere amawatcha matchona. Bambo anga anagula nyumba ku Florida dziko litalandira ufulu mu 1980, ndipo ife adzukulu tinakula tikulankhula Chishona pamsewu ndi Chingerezi kusukulu. Chichewa chinatsalira pa maliro, pa mapemphero ndi pa nyimbo.

Mwa mayimbidwe onse a dziko lino, sungura ndiyo inatisungira malo. Dzinali ndi la Chiswahili, tanthauzo lake kalulu, ndipo mayimbidwewa anaphuka kuchokera ku nyimbo za ku East Africa ndi ku Congo zomwe zinafika kuno pa malekodi. Ambiri mwa amene anaikulitsa anali ana a m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, ana a anthu obwera. Nicholas Zakaria, amene anatsogolera gulu la Khiama Boys, anabadwa m'banja lochokera ku Malawi. Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke nawonso mizu yawo ili kwathu. Alick Macheso, wobadwa mu 1968 m'dera la Shamva, anaphunzira ntchito m'manja mwa Zakaria asanayambitse gulu lake la Orchestra Mberikwazvo. Macheso anaichotsa besi kumbuyo n'kuiika patsogolo. M'zala zake besi imathamanga, imakwera mpaka ku mawu aang'ono, imayankhana ndi woyimba ngati munthu wachiwiri, ndipo aliyense wa ife amene tinagwira besi pambuyo pake tinapeza kuti anthu akuyembekeza kumva noti iliyonse payokhapayokha.

Mu 2000 Macheso anatulutsa chimbale cha Simbaradzo, momwe munali nyimbo ya Mundikumbuke, yoyimbidwa m'chilankhulo chathu. Chaka chomwecho kulanda mafamu a azungu kunayamba, ndipo antchito a m'mafamumo, ambiri a iwo ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anapezeka alibe ntchito, alibenso pokhala. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, anthu ochuluka obadwira konkuno kwa makolo obwera n'kutaya unzika ndi ufulu wovota, kufikira malamulo atsopano oyendetsera dziko a 2013 atatsegula njira yowabwezera. M'zaka zimenezo andale ena ankatinena poyera kuti ndife anthu opanda mfunda. Komabe m'maminibasi omwe kuno timati makombi, m'mabala ndi m'misika, Chichewa chinkamveka tsiku ndi tsiku, chitaberekedwa kumsana kwa besi.

Gulu lathu ndi laling'ono, la anthu asanu, ndipo dzina lake silinamvekepo pa wailesi. Timayimba m'maukwati, pa zikondwerero za mabungwe a maliro, ndi pa miyambo yovundukula ziliza, ku Sakubva, ku Dangamvura, ku Odzi, ndi ku Penhalonga kuseri kwa Christmas Pass, komwe migodi ya golide inasonkhanitsa anthu akwathu kuyambira kalekale. Woyimba wathu, bambo wachikulire wa mawu okhuthala, ali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu amatiitanira. Nyimbo ikafika pakati magitala aang'ono amakhala chete, kumatsala besi ndi ng'oma, ndipo iye amayamba kuitana anthu ndi mifunda yawo ndi maboma akwawo: a Phiri a ku Dedza, a Nabanda a ku Kasungu, a Mwale a ku Mchinji, achimwene athu a Chiyao a ku Mangochi ndi ku Machinga. Woitanidwayo amaimirira n'kukweza dzanja, ena misozi ili mbwembwembwe. Ambiri a iwo sanapondeko ku Malawi, kapena anachokako ali makanda. Mphindi zisanu zimenezo ndiye ntchito yathu yeniyeni, ndipo pa mphindi zomwezo ine ndi bokosi langa ndife tingathe kukonza kapena kuononga zonse.

Kwa zaka zambiri bokosi la besi tinkachita kubwereka, lero kwa uyu mawa kwa uyo, moti besi inkamveka mosiyana sabata iliyonse. Ndalama zoyamba zimene tinasonkha kuti tigule lathu zinasungunuka mu 2008, pamene mtengo wa buledi unkasintha m'mawa ndi madzulo, ndipo kumayambiriro kwa 2009 dziko linaona ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni. Madola a ku America atayamba kugwira ntchito chaka chomwecho tinayambiranso kusonkha, aliyense kusiya kagawo ka malipiro ake m'chitini cha atsibweni anga, amene tinawasankha kukhala msungichuma ngakhale sayimba. Pofika 2012 m'chitinimo munali zokwanira bokosi limodzi logwirapo kale ntchito. Limodzi lokha, lopanda kubweza. Anzanga anati popeza wolisenza ndine, wosankhanso ndikhale ine, koma pamaso pawo pankaoneka kuti aliyense ali kale ndi bokosi lake mumtima.

Kuti munthu amvetse kuvuta kwa kusankhaku ayenera kudziwa kaye ntchito ya bokosi. Nsambo yaikulu ya besi ya nsambo zinayi, ya E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo funde la mawu amenewo mumpweya limatalika pafupifupi mamita 8. Kuti sipika itulutse mawu otsika chonchi iyenera kukankha mpweya wambiri. Imatero ndi koni, chipepala cholimba chobulungira ngati nsengwa, chomwe koyilo ya waya ndi maginito zimachikankhira kutsogolo ndi kuchikokera kumbuyo. Tsono koni ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imakhala ikuukoka. Sipika ikakhala pamtetete mpweya wa kutsogolowo umangozungulira m'mbali kukadzaza kumbuyo, ndipo mawu otsika amafera pomwepo. Bokosi ndilo limalekanitsa mbali ziwirizi. Lina limatsekedwa paliponse, mpweya wa m'kati n'kumabweza koni monga chimachitira chubu chopopa bwino. Lina limakhala ndi bowo kapena paipi yoyezedwa mosamala, yomwe imalira yokha monga botolo limalirira ukauzira pakamwa pake, n'kuwonjezera mphamvu pa mawu otsika.

Mabokosi otchuka a dziko lapansi anabadwa pofuna kuyankha funso lomweli. Leo Fender atatulutsa gitala ya Precision Bass mu 1951, anaitsatiza mu 1952 ndi Bassman ya sipika imodzi ya mainchesi 15, koma patangopita zaka zochepa anaisintha n'kuikamo masipika 4 a mainchesi 10. Ampeg B-15 ya mu 1960, ya sipika imodzi ya 15, inakondedwa kwambiri m'masitudiyo a ku America chifukwa cha mawu ake ofunda. Mu 1969 kampani yomweyo inatulutsa SVT ya mawati 300 ndi bokosi la masipika 8 a mainchesi 10, lalikulu ngati filiji, lomwe a Rolling Stones anayenda nalo m'mabwalo a ku America chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo mkangano wa 10 ndi 15 sunathe pakati pa oyimba besi. Nakonso kwathu nkhani ya bokosi si yachilendo. Besi ya magulu a kwela, monga la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, inali nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi la matabwa ndi ndodo, ndipo babatoni amene Madalitso Band ndi Gasper Nali adziwika naye kunja ndi wa fuko lomwelo. Wopanga chipangizo chotere amadziwa kuti nsambo ndi yosavuta kupeza, ndipo luso lonse limagona pa chimene chili pansi pa nsamboyo.

Mabokosi amene chitini chathu chikanatha kugula anali atatu. Loyamba linali la mnyamata wa disiko wa ku Chikanga: sipika imodzi ya mainchesi 18 m'bokosi lokutidwa ndi kapeti, lalikulu ngati kankhokwe. Lachiwiri linali la mpingo wina wa m'tauni umene unali utagula zipangizo zatsopano: sipika imodzi ya 15 ndi bowo kutsogolo. Lachitatu linabwera kuchokera ku Johannesburg m'ngolo ya basi, ndipo mwiniwake, amene anasiya zoyimba n'kuyamba malonda a kaunjika wochokera ku Mozambique, ankaligwiritsa ntchito ngati tebulo lopindira zovala. Limeneli linali lotsekedwa paliponse, la masipika 4 a mainchesi 10 ndi kasipika ka mawu aang'ono pakati.

Ndisanalumikize gitala ndinachita zimene wogula sipika yakale aliyense ayenera kuchita. Ndinakankha koni iliyonse pang'onopang'ono ndi zala zotambasula, khutu lili tcheru kuti ndimve ngati koyilo ikukhula m'kati. Ndinanunkhiza ngati muli fungo la kupserera, n'kuyang'ana m'mphepete ngati mwang'ambika. Kenaka ndinagunditsa batire laling'ono la mavoloti 9 pa mawaya a bokosi la masipika 4, pakuti makoni onse ayenera kutuluka limodzi; imodzi ikamalowa pamene ena akutuluka, ndiye kuti wina analumikiza mawaya mopingasa ndipo masipikawo azidyerana mawu. Ndinaonanso ma-ohm. Ampulifaya yathu imalola kutsika mpaka ma-ohm 4. Bokosi la ma-ohm 8 limasiya mpata wodzawonjezera lina la 8 m'tsogolo, popeza awiri otere ukawalumikiza moyandikana amapanga 4, pamene la ma-ohm 4 limatseka khomo limenelo. La 18 linali la 4, enawo a 8.

Eni mabokosi onse atatu ankayamba ndi kutchula mawati, monga wogulitsa ng'ombe amayambira ndi nyanga. Nambala ya mawati yolembedwa kumbuyo kwa bokosi imanena makamaka za kutentha kumene koyilo ingapirire isanapse. Kukula kwa mawu kumadalira luso la sipika posandutsa magetsi kukhala mawu, lomwe amaliyeza popatsa sipikayo wati imodzi n'kumvetsera pa mtunda wa mita imodzi. Bokosi loposa linzake ndi madesibelo 3 limachita ndi mawati 100 zimene linzakelo limachita ndi 200, ndipo kuti khutu limve kuti mawu awirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 10. Kwa ife amene kawirikawiri timayimbira pa jenereta yaing'ono magetsi akazima, kapena kumalo kopanda magetsi n'komwe, masamu amenewa ndi a tsiku ndi tsiku. Palinso china chimene diso limanamiza. Makoni 4 a mainchesi 10 ukawaphatikiza amaposa koni imodzi ya 15 pafupifupi kamodzi ndi theka, ndipo sasiyana kwenikweni ndi ya 18.

Eni ake anavomera kutibwereka onse atatu Loweruka limodzi, atsibweni ataikapo mawu awo ngati chikole. Tinawatengera ku holo ina ya simenti pansi ndi malata pamwamba, yofanana ndi maholo ambiri amene timayimbamo. Woyimba besi ndiye munthu amene amamva bokosi lake molakwika kuposa wina aliyense. Bokosi limakhala m'mawondo mwake, choncho mawu omveka bwino amadutsa m'miyendo kupita kwa anthu, iye n'kutsala ndi kuguguda kokha. Komanso mafunde aatali aja akagunda makoma amabwerera, pena n'kuphatikizana mawu n'kukula, pena n'kuphana mawu n'kuzimirira, moti mamita awiri okha amatha kusintha zonse. Pachifukwachi gitala ndinapatsa mnzanga wa gitala yaing'ono, amene besi amaidziwa bwino, ndipo ine ndi atsibweni tinayamba kuyendayenda m'holomo, kumbuyo, m'mbali ndi pakhomo. Woyimba wathu tinamupempha kuti pa bokosi lililonse aziitana mifunda monga amachitira pa mwambo.

La 18 litangolira, mnyamata wathu wa ng'oma anakuwa ndi chimwemwe. Malata ananjenjemera, fumbi linayoyoka pa mitanda ya denga, ndipo mawuwo ankamveka m'mimba asanafike m'khutu. Koma mnzanga atathamangitsa zala monga sungura imafunira, manoti onse anasakanikirana ngati phala. Bokosilo analipangira kunyamula mawu otsika okha pa disiko, ena onse akunyamulidwa ndi masipika ena, ndipo ntchito yakeyo linkaigwira mokhulupirika. Tili kumbuyo kwa holo atsibweni anandikoka malaya n'kundifunsa m'khutu kuti, "Mphwanga, akuti a Phiri kapena a Mbewe?" Ndinawayankha kuti, "Atsibweni, nanenso ndangoona milomo yokha."

Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Khutu la munthu linapangidwa mwakuti mawu otsika akakula amaphimba mawu okwera mosavuta, kusiyana ndi mmene okwera angaphimbire otsika. Mwamuna akamalankhula, mawu ake amanjenjemera pakati pa 85 ndi 180 pa sekondi, dera lomwelo limene besi imakonda kuyendamo. Tizigawo tosiyanitsa liwu ndi linzake, monga ph, mb, ts ndi nkh, timakhala pamwamba ndipo ndi topanda mphamvu. Chichewanso chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana m'khutu mokha. Bokosi lofufuma pa dera limenelo limameza woyimba wolankhula, ngakhale maikolofoni yake ikhale yabwino chotani.

La 15 linali lokoma. Mawu ake anali ofunda, odekha, onga a nkhalamba yokamba nthano madzulo, ndipo pa nyimbo zapang'onopang'ono za mapemphero kapena pa reggae sindikanafuna lina. Nditaima molunjika nalo ndinkamva noti iliyonse. Nditasunthira kumbali, kumene pa miyambo yathu kumakhala amayi achikulire pa mphasa, m'mphepete mwa manoti munazimirira, kunangotsala kung'ung'udza. Koni yaikulu imaponya mawu okwera molunjika ngati kuwala kwa tochi, pamene otsika amafalikira paliponse ngati utsi. Amene wakhala kumbali amalandira utsi wokhawokha. Woyimba wathu ankamveka, koma mochita kutchera khutu.

La masipika 4 poyamba linakhumudwitsa anzanga. Silinagwedeze malata. Mnyamata wa ng'oma anati likulira ngati wailesi yaikulu chabe. Koma noti iliyonse inkayamba pake n'kutha pake, ndipo mnzanga atathamanga kuchokera pa nsambo yaikulu mpaka ku mawu aang'ono ndinatha kuwerenga mapazi ake onse ndili pakhomo. Bokosi lotsekedwa limatsitsa mawu otsikitsitsa pang'onopang'ono popanda kufufuma, ndipo khutu limamaliza lokha chotsalacho: nsambo ya 41 imatulutsanso 82, 123 ndi ena okwererapo, ndipo ubongo ukamva amenewa umazindikira noti yapansiyo ngakhale ikumveka pang'ono. Pamwamba pa besi yotere mawu a woyimba anakhala ngati munthu pa mpando. Atsibweni anabwereza mifunda yonse 7 imene inatchulidwa, osaphonya. Nalonso linali ndi zilema zake. Masipika awiri oyandikana m'mbali amaponya mawu mopanikiza ngati koni imodzi yaikulu, ngakhale kasipika kapakati kaja kankathandizako, ndipo kulemera kwake, pafupifupi makilogalamu 40, kunali kosayenera munthu woyenda pa kombi.

Atsibweni anagwira ntchito ya ukalipentala zaka zambiri pa kampani ina ya matabwa, pakuti mapiri a kuno ndi odzaza ndi nkhalango za paini ndi bulugamu. Ife tikukangana za mawu, iwo ankazungulira mabokosiwo akugogoda m'mbali ndi nkhonya. Pa la masipika 4 anaima nthawi yaitali, kenaka anakanda pansi pake ndi chikhadabo, ndipo panagwa utuchi. Linali la matabwa a utuchi wopanikiza, amene amamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo kuno kuli kamvula kowaza kokhala masiku, kamene Ashona amati guti, kofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo ndi ku Mulanje. "Masipikawa ndi amoyo," anatero, "koma nyumba yawo inafa kale." Mawu amenewo anatsitsa mtengo kwa mwini wake, ndipo zotsala m'chitini zinakwana kugula pulayiwudi wa paini wa mamilimita 18, guluu ndi masikuluwu.

Apa panabuka mkangano womaliza. Anzanga anati popeza tikumanga latsopano, timange lalikulu kawiri kuti lizigunda ngati la disiko lija. Atsibweni anakana. Bambo awo, agogo anga aja, ankasema ng'oma za gule ku Sakubva, ndipo iwo anakula akuona. "Ng'oma ya mbalule ili ndi mimba yake, ya mpanje ili ndi msinkhu wake," anatero. "Ukakulitsa mimba ya mbalule umapeza ng'oma yopanda dzina, yosadziwika ndi wovina aliyense." Ndipo poyang'ana mnyamata wa ng'oma anawonjezera kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Zimene ankanenazo akatswiri anazilemba m'masamu. Neville Thiele wa ku Australia mu 1961, ndi Richard Small kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anasonyeza kuti sipika iliyonse, malinga ndi kulemera kwa koni yake, kufewa kwa m'mphepete mwake ndi mphamvu ya maginito ake, ili ndi kukula kwa bokosi koyenerana nayo. Ukaipatsa mpweya wochuluka kuposa muyezo, koni imasowa choibweza, imagwedezeka mopyola malire pa mawu otsika, n'kuonongeka msanga. Ngakhale phula limene osema ng'oma amamata pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire motsika ndi nzeru yomweyo: chinthu cholemera chimanjenjemera mochedwa.

Tinagwirizana kusunga muyezo wa mpweya n'kusintha maonekedwe okha. Atsibweni anayeza m'kati mwa bokosi lakalelo utali, ulifupi ndi kuya, n'kugawa pawiri, ndipo kwa masabata awiri, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu ku Florida, anapanga mabokosi awiri a masipika awiriawiri. M'kati anaika timitanda tolimbitsa kuti makoma asamanjenjemere, pakuti khoma likamanjenjemera limaba mphamvu ya koni n'kuyimba nyimbo yakeyake. Polumikizira ponse anamata kuti mpweya usatuluke, ndipo makoma a m'kati anawaveka zidutswa za bulangete lakale. Ine ndinalumikiza mawaya kuti lililonse likhale la ma-ohm 16, awiriwo pamodzi 8 monga kale. Tikawaimika chotalika, lina pamwamba pa linzake, masipika onse 4 amakhala mu mzere umodzi wopita m'mwamba. Mzere wotere umamwaza mawu bwino kumanja ndi kumanzere, ndipo sipika yapamwamba imafika pafupi ndi khutu langa, moti sindifunikanso kukweza ampulifaya kuti ndidzimve. Lililonse munthu mmodzi amalinyamula, ndipo limalowa pansi pa mpando wakumbuyo wa kombi.

Ulendo wawo woyamba unali wa ku Penhalonga, pa mwambo wa chiliza cha bambo wina amene anagwira ntchito mumgodi moyo wake wonse. Tinayimbira panja, pa jenereta, anthu atakhala mozungulira, abambo pa mabenchi kutsogolo, amayi pa mphasa m'mbali. Panja palibe makoma othandiza besi, ndipo ndinali ndi nkhawa kuti mabokosiwo achepa. Anakwana. Woyimba wathu anaitana mifunda ndi maboma, manja n'kumakwera uku ndi uku. Titamaliza, tikukulunga mawaya, kunabwera gogo wina wamkazi wochokera kumapeto kwenikweni kwa mphasa, akuyenda ndi ndodo, nkhope ili yosakondwa. Analunjika kwa woyimba n'kunena kuti, "Bambo, ndamvetsera bwinobwino. Dedza mwaitana, Dowa mwaitana, Kasungu mwaitana kawiri. Nanga Ntchisi mwaisiya bwanji? Kapena kulibe anthu kumeneko?" Woyimba wathu anagwada, kupepesa, n'kuwafunsa mfunda wawo. Atsibweni, amene anali chapafupi, anangondiyang'ana n'kupitiriza kupukuta fumbi pa bokosi lapamwamba.

Zaka zapita ndipo zipangizo zasintha. Masiku ano kuli masipika a maginito opepuka a neodymium, ndi maampulifaya amphamvu olowa m'chikwama cha mabuku, moti mnyamata amene ali ndi ndalama atha kunyamula ndi dzanja limodzi zimene ife tinkanyamula awiri. Achinyamata oyimba besi a ku Chikanga ndi ku Dangamvura akabwera kudzandifunsa kuti agule 10, 12 kapena 15, ndimawafunsa kaye kumene azikayimba, chimene azikwera popita kumeneko, ndi amene akufuna kuti amve. Wa reggae m'bala ndimamuuza za 15 mosanyinyirika. Mnyamata wathu wa ng'oma amabwerekabe la 18 lija pa maukwati a achinyamata, kumene palibe woitana mifunda, ndipo kumeneko limagwira ntchito yake bwino. Ndimawauzanso kuti asagule bokosi alimvera ali chiimire pambali pake. Apatse mnzawo gitala, apite kumene kudzakhale munthu wosaona bwino ndi wosamva bwino, amvetsere ali kumeneko.

Pa miyambo yathu manja okwera akucheperachepera chaka ndi chaka. Gogo wa ku Ntchisi uja tinakayimbanso pa chiliza chake. Koma pena pamaimirira mtsikana wa sekondale, wosatha kulankhula Chichewa chopitirira moni, amene wamva mfunda wa agogo ake ukutchulidwa ndipo wadziwa kuti akuitana iye. Mabokosi a atsibweni akadali olimba. Ndangosinthapo kasipika ka mawu aang'ono ndi zogwirira. Woyimba wathu mawu ake ayamba kuchepa mphamvu chifukwa cha ukalamba, choncho akafika pa mifunda ndimabweza pang'ono mawu otsika pa ampulifaya, ndipo ndimakhudza nsambo mopepuka. Ntchisi amaiitana poyambirira.